Mpata Umene Sindinasiye

Khonjeni,
Lachinayi masana.

Ndaziona mwana wanga,

Dzanja limene lalemba apa ukulidziwa, ndi la amake Lute, amene iwe umawatchula kuti amayi chifukwa ndiwo anakuyamwitsa. Mawu okhawa ndiwo anga. Ndawakhazika pakhonde pano kuyambira m'mawa, utangonyamuka kupita ku Masambanjati kukatsanzika amalume ako ndi kukazonda manda a mayi ako. Ndawapempha kuti alembe zonse monga zikutulukira, asakonze kanthu. Iwo akuti akangomva kuti ndayamba kukometsera, aika cholembera pansi. Tagwirizana choncho. Pakamwa panga ukupadziwa. Ndikanati ndikuuze maso ndi maso, ndikanayamba bwinobwino, kenako n'kuthiramo nthabwala, kenako kanyimbo, iwe n'kuseka, nkhani yeniyeniyo n'kutsala m'mimba muno monga yatsalira zaka makumi awiri ndi zinayi.

Mawa ukwera basi ya ku Joni, ndipo kuchoka kumeneko akuti ulowera ku Kepi kukaphunzira kupanga magemu a pakompyuta, aja ukuti munthu amalowa m'nthano n'kumayendamo yekha. Kumsika akandifunsa ndimati, "Akukaphunzira ntchito yanga yomwe ija, kungoti yakeyo ndi ya magetsi." Amaseka, koma sindinama ayi. Ine sindinapondeko m'kalasi, za magetsizo sindingakuthandize. Koma za munthu wokamba ndi munthu womvera, amenewo ndawaona moyo wanga wonse, ndipo pamene ndinalakwa ndikupadziwa. Mvera tsono.

Ndiyambire Lamulungu lapitali. Unatsegula kompyuta yako pampando n'kunena kuti ndiyese gemu imene wakhala ukupanga. Pagalasipo panali kamtsikana kataima pakati pa munda wa tiyi, ndipo unati kakufunafuna mayi ake. Unandigwira chala n'kuchiika pa mabatani. "Ili n'lakutsogolo ababa, ili n'lakumbuyo. Musakanikize ngati mukupha nsikidzi." Ndinadina, kamwana kaja n'kuyenda! Ndaziona, ndinamva ngati tsiku limene ndinayamba kupalasa njinga. Ndinakagunditsa pamtengo katatu, iwe uli gada ndi phwete. Kenako ndinakafikitsa pa shedi yopimira masamba, pamene panali nkhalamba. Pamenepo kamwana kanauma. Ndinadina, osayenda. Ndinadinanso, osayenda. Pagalasi panadzaza zilembo, iwe n'kuyamba kundiwerengera zimene nkhalamba ija ikunena. Unawerenga, n'kuwerenga, n'kuwerengabe. Mawu ake anali abwino, ena ndinawazindikira kuti ndi anga. Koma chala changa chinazizira, ndinachibweza n'kuchiika pabondo. Ndiye ndinafunsa kuti, "Nanga ine ndichite liti?" Iwe osandiyang'ana n'komwe, unangokweza dzanja lamanzere, chikhatho chitaloza kwa ine, n'kuti, "Dikirani ababa, nkhani ithe kaye."

Ndinadzuka n'kunena kuti mbuzi zalowa m'chinangwa. Mbuzi zinali zomangirira. Iwe unaganiza kuti gemu yako yandinyansa, ndipo ndakuona sabata yonseyi ukuyenda nkhope ili pansi. Siinandinyanse, mwana wanga. Chimene chinandithamangitsa ndi dzanja lija. Dzanja limenelo ndi langa. Sindikudziwa kuti unalitola liti, koma unalikweza ndendende monga ndinkalikwezera ine.

Nthano ndinaphunzira kwa amalume anga, a Namalawa, ku Kapichi. Ntchito yawo inali yoluka madengu othyoleramo tiyi, ndipo ankakamba madzulo uku manja akuwaza nsungwi. Kakambidwe kawo kanali kopuma. Akanena mawu pang'ono ankaima, ife n'kuyankha kuti, "Tili tonse." Tikapanda kuyankha, sankakalipa. Ankangotola mpeni wawo n'kumapala nsungwi, nthano yathera pomwepo, ngakhale munthu wa m'nthanoyo ali pakamwa pa ng'ona. Ndipo m'kampata kameneko simunkalowa "tili tonse" yekha ayi. Wina ankafunsa, wina ankatsutsa kuti dzana simunatero, mayi ankaitana mwana wake kuti akatunge madzi. Tsiku lina, ndili mnyamata wodzimva, ndinawauza kuti kuimaimaku kumaononga nthano. Iwo anandipatsa dengu latsopano n'kuti, "Yang'ana kudzuwa." Ndinayang'ana, kuwala kunkalowa paliponse. Anati, "Ndikaluka lothinana ngati lichero, masamba atentha, pofika kusikelo apsa, kalaliki awataya. Mipatayi sindisiya chifukwa cha ulesi." Ndinati ndamva. Sindinamve. Iwe umve: mpata umene wosewera akuchitamo zake si nthawi imene nthano yako yaima. Imeneyo ndi nthanonso.

Nditalembedwa ntchito ku esiteti ndinapeza anthu ochuluka kuposa amene amalume anawaonapo. Mvula ikakula, kapitawo ankatilowetsa mu shedi yopimira masamba, anthu makumi anayi kapena kuposa, onyowa, anjala, opanda chochita. Kumudzi nthano sankakamba masana, koma mu shedi zimenezo zinalibe ntchito. Ndinayamba kukamba, mbiri n'kuwanda mpaka madivishoni ena. Koma anthu ake anali osakanikirana, Alomwe, Amang'anja, obwera kuchokera ku Mozambiki, kalaliki wa kumpoto. "Tili tonse" wawo ankabwera mobalalika, wina msanga, wina mochedwa. Ndiye panali a Kholowa, dalaivala wa thirakitala yonyamula masamba, munthu wa nthabwala. Iwo ankadikira onse ayankhe, kenako ndi mawu aakulu, "Tili tonse, koma m'mimba muli zii!" Anthu n'kufa nacho chiseko, ine n'kupsa mtima kuti andibera anthu anga. Tsiku lina ndinalamula kuti, "Kuyambira lero palibe kuyankha. Ndikayamba, ndayamba." Wina akatsegula pakamwa ndinkangokweza dzanja. Anazolowera, mu shedi munkangoti zii, mvula yokha padenga. Ndinkayesa kuti ndi ulemu. Ndi pamene anandipatsa dzina loti a Wailesi, ndipo ine ndinkalinyadira, osaganiza kuti wailesi ndi chinthu chimene ungachilirire pamaso pake icho n'kumangoimba nyimbo.

Cholakwa china chinabwera pamene ndinaona kuti ena ayamba kuwodzera. Ndinati ndiwanyengerere. Ndinali ndi nthano yanga yotchuka ya munthu wochokera kumigodi atasenza sutikesi yokhoma, imene sankadziwa kuti muli chiyani. Pakati pake ndinayamba kumafunsa kuti, "Pano njira zagawikana. Adzere kuphiri kapena kumtsinje?" Anthu ankadzuka, kukangana, kukweza manja ngati pamsonkhano. Koma njira zonse ziwiri ndinkazifikitsa kwa mbala imodzimodzi, pa mawu omwewo. Zinayenda miyezi ingapo mpaka mayi wina wothyola, anaMbewe, amene anasamutsidwa kuchokera ku divishoni ina, anaimirira dengu lili kumsana. "A Wailesi, kuja tinasankha phiri, mbala inali kuphiri. Lero tasankha mtsinje, mbala ili kumtsinje. Kodi mbala yanuyi ili ndi njinga?" Shedi yonse inagwa ndi chiseko. Ine ndinakweza dzanja, koma kuyambira tsiku limenelo ndikafunsa njira, ankangoyang'anana n'kuti, "Sankhani nokha, ndinu eni ake." Ndaziona, usamufunse munthu funso limene yankho lake ulibe nalo ntchito. Ngati njira ndi imodzi, muuze kuti ndi imodzi, ayenda. Koma ukamupatsa ziwiri, kumtsinjeko akanyowe ndithu, kuphiriko akatope ndithu, ndipo akafike ali munthu wosiyana. Wosewera akangozindikira kamodzi kuti batani lake ndi lachabe, sadzakukhulupiriranso ngakhale pamene ukunena zoona.

Ndidumphe zaka, ndikuuze za mbali inayo, kuti usathawe dzenje ili n'kugwera linalo. Matipate atangobwera, aliyense akukamba za ufulu, aphunzitsi ako a Sitandade 4 anandiitana kuti ndikakambe nthano kusukulu. Ukukumbukira, unabisala kumbuyo kwa anzako ndi manyazi. Nthawi imeneyo n'kuti nditaleka kale kukweza dzanja, chifukwa chake ndikuuza posachedwa. Ndinali nditafika poopa mawu anga omwe. Ndiye ndinauza ana aja kuti, "Lero nthano ndi yanu. Munthu uyu wasenza sutikesi. Achite chiyani?" Wina anati aitsegule ndi mwala. Ndinavomera. Wina anati mukhale mfuti. Ndinavomera. Posakhalitsa munthu uja anali atawombera mbala, apolisi, ng'ombe ndi ahedi, atakwera ndege, atadya mabanzi zana limodzi. Phokoso linali lalikulu, ana anasangalala. Belu litalira anathamanga onse, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatembenuka kufunsa kuti, nanga anakafika kwawo? Dzina lake lomwe anali ataliiwala. Ndinabwerera kunyumba ngati munthu amene wagulitsa mbuzi ya eni. Tsono usati poti ababa adandaula za zilembo, ndichotse nkhani yonse, atsale mabatani okhaokha. Kamtsikana kako kaja ndinkakasamala poyenda chifukwa unali utandiuza kuti kakufuna mayi ake. Ukanapanda kundiuza, ndikanakagwetsera m'ngalande n'kumaseka. Nkhani ndi imene imachititsa chala kunjenjemera chisanadine. Uiike ndithu, koma uiike pang'onopang'ono, m'njira momwe munthu akudutsa, pa chinthu chimene watola, pa mawu awiri a munthu amene wakumana naye, kenako umubwezere miyendo yake.

Amake Lute aika cholembera pansi. Akuti ndikuzungulira ngati galu wofuna pogona, ndipo dzuwa likupendeka. Akunena zoona. Atolanso. Mvera tsono, mwana wanga, ndipo ngati waima, khala pansi.

Kuyambira uli wamng'ono ndakhala ndikukuuza kuti mayi ako, Felesiya, anamwalira tsiku limene unabadwa chifukwa mvula inatichedwetsa ndipo mtsinje unadzaza. Ndaikamba nkhani imeneyi kambirimbiri mpaka inasalala ngati mwala wa pamtsinje. Mvula inagwadi. Mtsinje unadzazadi. Koma pali chidutswa chimene ndinachidula.

Tsiku limenelo tinkathyola kumunda wakutali ndi nyumba za antchito. Mayi ako ndinawasiya m'mawa akusesa, tonse tikuyesa kuti kwatsala milungu iwiri. Cha m'ma leveni mvula inakhuthuka, tinathawira mu shedi. A Kholowa anali atapakira kale masamba, thirakitala anaiimika pakhomo penipeni kudikira kuti mvula ichepe. Anthu anati, "A Wailesi, tsegulani." Ndinayamba ya sutikesi ija. Ndaziona, sindinakambepo bwino ngati tsiku limenelo. Mawu ankangobwera okha. Kapitawo amene, munthu wosaseka, anali atayasama. Ndili pakati, ndinaona munthu pakhomo. Anali amake Lute awa, nthawi imeneyo mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, woyandikana nafe nyumba, atanyowa chonyowa, Lute ali kumsana atamufunditsa pepala la pulasitiki. Anagwada pamatope n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Ndinawaona. Usadzalole munthu akuuze kuti sindinawaone. Ndinaganiza kuti mayi ako awatuma za ndiwo kapena za kiyi. Ndinakweza dzanja.

Iwe wakulira nthawi ina, mwina ufunsa kuti, bwanji sanangokuwa? Nkhani ya uchembere sinkatchulidwa pamaso pa amuna. Azamba anawatuma kuti akandinong'oneze ine ndekha, ndipo mu shedi munali amuna makumi awiri ndi kapitawo, iwo ali mwana wa dzulodzulo wobwera kumene pa esiteti. Kukanakhala kukamba kwa amalume anga, mpata ukanapezeka mpweya uliwonse. Pa "tili tonse" mmodzi akanangoti, "Alamu, panja pang'ono," ine n'kutuluka. Koma ine mipata yonse ndinali nditaitseka ndekha, ndipo anthu onse aja ndinali nditawaphunzitsa kuti wosokoneza a Wailesi ndi wopanda mwambo. Anawombanso m'manja kachiwiri. Mayi wina amene anakhala pafupi ndi khomo anawatsonya kuti akhale chete.

Mvula inachepa. A Kholowa anasuzumira masamba awo, anaona kuti akachedwa apsa. Munthu uja amene kale ankandisokoneza ndi nthabwala, tsiku limenelo anatuluka monyang'ama kuti asandisokoneze. Anawalambalala amake Lute pakhomo, mwendo wawo unakhudza chitenje cha mayiyo. Analiza thirakitala. Ndipo ine, Ndaziona, ine bambo ako, ndinakweza mawu kuti apose kulira kwa injini. Ndinamaliza nthano yonse, sutikesi inatsegulidwa, anthu anawomba m'manja. Ndi pamene amake Lute anayenda ndi maondo kufika pamene ndinakhala, n'kunena pansipansi kuti, "Mwana wabadwa, wamkazi. Koma magazi sakuleka. Azamba akuti pafunika galimoto." Ndinathamangira panja. Thirakitala inali itakwera kale chitunda, utsi wokha ukuoneka.

Tinadula mtengo wa bulugamu, tinamanga bulangete, tinawanyamula mayi ako, anthu anayi, kulowera kuchipatala cha mishoni. Mtsinje umene thirakitala inawoloka madzi ali m'maondo, ife tinaupeza uli m'chifuwa, ndipo tinadikira. Pamene tinkadikirapo mayi ako anatsegula maso n'kundifunsa kuti, "Munali kuti?" Ndinati, "Mvula." Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kubwereza, "Mvula." Sananenenso china. Tinawoloka, tinayenda, ndipo anatisiya malata a chipatala tikuwaona. Bodza limene ndakhala ndikukuuza iwe ndinayamba kuwauza iwo.

Sindikudziwa ngati akanachira. Namwino amene anatilandira ndinamufunsa, anati zimenezo palibe angadziwe. Mawu amenewo ndawatembenuza mbali zonse zaka zonsezi, sandipatsa tulo ndipo sandimanga. A Kholowa anamwalira osadziwa kuti tsiku lija anadutsa chiyani pakhomo. Amene tikudziwa ndife awiri tili pakhonde pano, ndipo sitinakambiranepo mpaka lero. Iwo anakutenga tsiku lomwelo, bere lina iwe, lina Lute. Pano akuti ndinene kuti mlandu ndi wawo, akanakuwa basi, mwambo ukanawachita chiyani. Akuti tsiku lililonse la Sabata akagwada kutchalitchi, maondo awo amakumbuka matope aja. Ine ndikuti ayi, munthu sapalamula pogogoda pakhomo limene mwini wake wakhoma. Takanganapo pang'ono, ndipo ndawauza kuti alembe zonse ziwiri, zawo ndi zanga, uweruze wekha. Pamene inki yafalikira apa usadabwe.

Lolemba unandifunsa funso tikusenda chinangwa. Unati, "Ababa, kamtsikana kaja, wosewera akasewera bwino, kawapeze mayi ake ali moyo? Kapena zikhale monga zinachitikira?" Ndinakuyankha mwaukali kuti za akufa si zoseweretsa. Unkafunsa bwino, ine ndi amene ndinkaopa. Nkhaniyi ndi yako kuposa mmene ilili yanga, unalipira ndi mayi. Uchite nayo chimene ufuna, ngakhale kuitaya. Koma ngati udzaipange, maganizo anga ndi awa. Zina zikhale zokhoma, wosewera asazisunthe ngakhale adine mpaka chala chitupe: mvula igwe, mtsinje udzaze, chipatala chikhale kutali. Ukamulola kuumitsa mtsinje, wabwerera kwa ana a mabanzi aja. Nkhalamba ya mu shedi ija uisiye izilankhula, usaidule, ndaona kuti umaitha bwino. Koma wosewera asakhale womvera wongokhala. Wosewera akhale mayi wogwada pakhomo uja. Umupatse batani. Nkhalamba ikulankhula, thirakitala ili apo, dalaivala akuyang'ana kumwamba, ndipo batani lili pansi pa chala nthawi yonseyo. Usalifewetse. Wosewerayo awaone amuna onse aja, amuone kapitawo, alione dzanja litakwezedwa, amve manyazi mpaka m'khosi. Akadina, mayiyo akuwe, shedi yonse itembenuke. Akapanda kudina, thirakitala ipite. Za kuti Felesiya achira kapena ayi, pamenepo sindikuuza, chifukwa inenso sindinauzidwe.

Kumeneko ukakapanga chinthu, usakafunse anthu kuti chakoma kodi. Adzati chakoma, monga ankanenera kwa ine. Ukamukhazike munthu pampando, iwe ukhale kumbuyo kwake, pakamwa utseke, uziyang'ana manja ake. Ukaona wachotsa chala n'kuchiika pabondo, dziwa kuti walankhula kwambiri. Ukaona akungodina osayang'ana nkhope za anthu a m'gemumo, dziwa kuti walankhula pang'ono. Muyeso wake palibe amene angakulembere, amalume anga ankaupeza poyang'ana maso athu, tsiku lililonse mwatsopano. Ndipo akakufunsa kuti, "Nanga ine ndichite liti?" usamuyankhe kuti adikire. Funso limenelo ndi munthu wogwada pakhomo.

Dzanja lija ulisamale ngakhale kunja kwa ntchito. Uli ndi pakamwa panga, anthu adzakukonda chifukwa cha nkhani zako, ndipo adzakhala chete kuti umalize. Chete ameneyo usamukhulupirire. Mnzako wogona naye chipinda, mwamuna amene udzamupeze, mwana amene udzabereke, onsewo adzabwera nthawi imene nkhani yako yafika pokoma, ndipo sadzakuwa. Uziima. Uzitembenuka. Zina zonse ukudziwa kale. Akuti ku Kepi kumazizira kuposa chiperoni cha kuno, juzi ya mayi ako ija ili pamwamba m'chikwama chako, ndinaisunga m'thumba la pulasitiki, njenjete sizinaigwire. Tamvanso kuti masiku ano alendo sakuwaonera bwino kumeneko, uziyenda ndi anzako, pasipoti isachoke pathupi. Ukafika uimbe pa foni ya Lute, ngakhale mawu awiri, kuti amayi akowa agone.

Ndikuuze chomaliza, chimene ndachita manyazi nacho lero lomwe. Maganizo anga anali akuti kalatayi ndiibise pansi pa chikwama, kunsi kwa mapaketi a tiyi, kuti ukaipeze utadutsa kale Mwanza, kapena ukumasula katundu ku Kepi. Ndimati ukawerenge uli kutali, mkwiyo ukathere komweko, podzabwera udzakhale utazizira. Nditanena zimenezi amake Lute anandiyang'ana n'kuti, "Alamu, ndiye kuti mukufuna mulankhule nokha mpaka kumapeto, iye alibe poyankhira. Mwakwezanso dzanja." Zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo ndinali pafupi kubwereza.

Choncho kalatayi ulandira m'manja, ukangotsika pa kabaza madzulo ano. Akupatsa ndi iwowa panjira, usanalowe pabwalo. Uli ndi madzulo onse ndi m'mawa wa mawa. Ine ndikhala kuseri kwa nyumba, pa nthochi paja, ndikuwaza nsungwi. Ukafuna kubwera kudzandikalipira, bwera, sindikudula mawu. Ukafuna kudzafunsa, ndiyankha chimene wafunsa chokhacho, osawonjezera. Ukafuna kukagona kwa amayi akowa n'kunyamuka osandiona, Lute ndi mwamuna wake akunyamulira chikwama mpaka pa siteji, ine sindikutsatira ndipo sindidzakutchula mwana woipa. Njira zimenezi sizikufika kwa mbala imodzi ayi. Chimene usankhe chisintha masiku anga otsala, ndipo ndavomera.

Pepala lomaliza ndawauza kuti asalembepo kanthu, ndi lako. Pansipa ndadinda ndi chala chomwe chija unachigwira Lamulungu.

Ndaima apa, mwana wanga. Manja anga onse awiri ali pamaondo.

Ndine bambo ako,
amene ku esiteti ankati a Wailesi.